Kameta wa aNangozo

Pakhomo panga nkhuku si zanga. Izi ndineneretu, kuti wina asadzandifunse kuti thadzi limakhalira mazira masiku angati. Nyumba ndinamanga ndine, njinga ndi yanga, dzina la pakhomo ndi langa: Obadiya Chimkoko, mphunzitsi wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo kuno kufupi ndi Nsaru. Koma chilichonse chokhala ndi nthenga ndi cha akazi anga a Ezeliya, amene mudzi wonse umawatcha aNangozo.

Chaka chathachi zinalipo makumi awiri ndi zitatu, ndipo zonse zinkadziwa kuti ine sindiwerengeredwa. ANangozo akangotulukira ndi lichero la gaga, zinkachokera kudambo, kunkhokwe, kuseri kwa bafa, zonse liwiro. Ine ndikatuluka ndi gaga yemweyo, zinkandiyang'ana cham'mbali ngati ndabwera kudzapempha moto. Mpando wanga wa pakhonde zinausandutsa chimbudzi. Ina inaikirapo dzira m'katoni ya mabuku anga akale a masamu, aNangozo n'kunena kuti mabukuwo agwirako ntchito tsopano.

Ndinkadandaula tsiku ndi tsiku, koma sindinakanepo dzira. Abusa akafika pakhomo sitinkachita manyazi. Mwana wathu Violet atabereka mwana wake woyamba, aNangozo anapita ku Lilongwe ndi nkhuku ziwiri m'dengu, ine ndili pambuyo kunyadira ngati ndinaziweta ndine.

Pa zonsezo panali imodzi imene ndinkadana nayo mwapadera. Inali yamtundu uja wopanda nthenga m'khosi, ndipo dzina lake linali lomwelo, Kameta. Khosi lofiira, lamakwinya, mutu waung'ono, maso aukali. Ndinkati nkhuku imeneyi inathawa m'manja mwa munthu atayamba kale kuisosola. ANangozo ankangoyankha kuti, "Musiyeni Kameta wanga. Okongolawo mphamba ikabwera amathawa n'kusiya ana pamtetete. Uyu amalimbana nayo." Ndipo n'zoona, ndinamuonapo akudumphira mphamba m'mwamba, mwanapiye n'kugwa pansi ali moyo.

Vuto langa ndi loti ndinaphunzitsa zaka makumi atatu, ndiye sinditha kuona chinthu osafuna kuchikonza. Nkhuku za aNangozo zinali zachikuda, zing'onozing'ono, ndipo ndinkawauza kawirikawiri kuti mtundu umafunika kuusintha. Iwo ankati yandikwana yomweyi.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa lili phwee, ndinapita ku msika wa pa Nsaru kukagula machubu a njinga. Kumapeto kwa msika ndinapeza munthu wina wosamudziwa ali ndi tambala wakuda, wamtundu uja timati mikolongwe, wamkulu ngati mwana wa mbuzi. Mtengo umene anatchula unali wotsika moti ndinamufunsanso kawiri. Munthu wanzeru akanayamba wadzifunsa kuti tambala wotere akutsikiranji chonchi m'nyengo ya chitopa. Ine ndinadzifunsa kuti aNangozo anena chiyani akaona kuti nanenso ndimadziwa nkhuku.

Ndili m'njira ndinaima kuti ndimange bwino katundu, ndipo ndinaona tambala uja akuodzera, mapiko atagwa. Ndinamugwedeza, anatsegula maso n'kutsekanso. Ndinadziuza kuti ndi dzuwa. Kunena zoona mtima unandiuza zina, koma chikomekome cha mkuyu chinali chitandigwira kale, ndipo kubwerera ku msika ndinaona ngati n'kuvomera kuti ndapusitsidwa.

Kunyumba aNangozo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Abambo a Violet, nkhuku yachilendo imayamba yagona payokha sabata ziwiri. Komanso akatemera a nkhuku aja abwera Lachinayi likudzali. Muyambe mwamumangirira kukhitchini."

"Tambala wabwinobwino ngati uyu agone kukhitchini? Ndamuona ndekha, ali ndi thanzi."

Madzulo ake iwo atapita kumjigo, ndinamukweza m'khola pamodzi ndi zinzake.

Patatha masiku awiri, m'mamawa ndikutsegula khola, ndinamupeza atauma. ANangozo anali akusesa kumaso kwa nyumba. Ndinamunyamula msangamsanga, kukamukwirira kuseri kwa nthochi, n'kubwera ndi nkhope ya munthu wodabwa. Ndinati tambala wasowa, mwina likongwe wamugwira, kapena wabwerera kwawo. Mkulu wa mpingo, wa imvi zake, kunama chifukwa cha tambala. ANangozo anangoti, "Ooh," n'kupitiriza kusesa.

Akatemera pofika Lachinayi anapeza nkhuku zinayi zikuodzera kale, ndipo anati mankhwala awo ndi oteteza, sachiza yodwala. Chitopa amene sanachione sangamvetse. Nkhuku imene dzulo inali kuthamangitsa chiwala lero yangoima, mapiko pansi, khosi litapindika, chitosi chobiriwira. ANangozo anayesa zonse. Anasinja tsabola wa kambuzi n'kuthira m'madzi, anasungunula phulusa, anazimwetsa imodziimodzi ndi supuni. M'mawa uliwonse ankatsitsa ziwiri kapena zitatu m'khola, n'kukazikwirira okha. Posakhalitsa za anansi athu nazonso zinayamba kugwa, mpaka m'mudzi monse munati zii, osamvekanso tambala kukacha. Sindinganene kuti zonsezo zinachokera kwa tambala wanga, koma sindingalumbirenso kuti ayi.

Ndikanangokhala chete, tchimo likanakhala limodzi. Koma tsiku lina nditawapeza atakhala pamtondo, thadzi lakufa lili pamiyendo, ndinayankhula kuti ndidzipepukitse.

"Mukanatemera msanga sizikanatere. Ziweto zimafuna kusamala."

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Sanalire, sanakalipe. Anaimirira n'kupita kukatenga khasu.

Kuyambira tsiku limenelo pakhomo panazizira. Chakudya ankandipatsa pa nthawi yake, zovala ankachapa, ku tchalitchi tinkapita limodzi. Koma mawu awo anatsala atatu: "Eya", "Ayi", "Zikomo". Munthu amene ndakhala naye zaka makumi atatu ndi zinayi, amene ankandiseka ndikapsa mtima, anayamba kundilemekeza ngati mlendo. Zinandiwawa kwambiri, koma pakamwa panga panalemera. Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa.

Pa nkhuku zonse zija anatsala Kameta yekha. Anadwala naye, anaonda mpaka chifuwa kuthwa ngati mpeni, koma sanafe. ANangozo anapsereza khola ndi udzu, kuthira phulusa, n'kumamudyetsa misere pamanja. Mvula itayamba anakabwereka tambala kwa mng'ono wawo kutsidya kwa dambo, n'kumubweza patatha sabata. Kenaka m'mawa wina tinamva kutetera. Kameta anali ataikira dzira m'dengu lakale pakona pa khitchini. Ndinamva aNangozo akuseka kwa nthawi yoyamba m'miyezi iwiri, koma ankaseka ndi nkhukuyo, osati ndi ine.

Mazira atakwana asanu ndi limodzi, Loweruka lina cha m'ma teni koloko, njinga yamoto inaima pabwalo. Anatsika a Overton Kachingwe ndi akazi awo, makolo a Lloyd, mwamuna wa Violet wathu. Ndi alimi a fodya a ku Kasiya, ndipo chichitikireni ukwati wa ana athu anali asanapondepo pakhomo pathu. Anati anaimba foni dzulo lake koma sinkapezeka. Inali itathima, ili m'thumba la jekete yanga ya ku tchalitchi.

"Asewere, tikupezeni!" anatero a Kachingwe, munthu wamkulu thupi, wa mawu ngati ng'oma.

"Fikani, fikani, asewere. Mwatidzidzimutsatu."

Tinawayalira mphasa ndi mipando pansi pa mtengo wa mango. ANangozo anagwada n'kuwalonjera mmodzimmodzi, kufunsa za kumudzi, za fodya, za mvula. Atatha anadzuka n'kulowera kuseri. Posakhalitsa ndinamva nkhuku ikulira.

Kuno kwathu mlendo wolemekezeka, makamaka sewere wofika koyamba, sadya masamba. Amamugwirira nkhuku ya pakhomo, ndipo asanaiphe amayamba amuonetsa ili yamoyo, iye n'kuilandira ndi manja ake, kuthokoza, n'kuibweza kuti ikaphedwe. Mwambo umenewu ineyo ndakhala ndikuulalikira kwa achinyamata, kuwadzudzula kuti masiku ano akulandira alendo ndi soya.

Ndinapepesa kwa alendo n'kutsatira kuseri. Ndinapeza aNangozo akumanga Kameta miyendo ndi luzi.

"Amake Violet, mukutani?"

"Alendo adye chiyani?"

"Tiwakazingire mazira. Kapena ndithamange pa njinga ndikafune ina."

"Mukaipeza kuti? M'mudzi muno mwatsala nkhuku? Mukafike ku Nsaru alendo ali pamphasa? Akanene ku Kasiya kuti mwana wawo anakwatira kwa anthu osadziwa kulandira alendo, manyazi ake akhale a Violet?"

"Komatu ndi yokhayi. Yangotsala pang'ono kukhalira."

Anamaliza kumanga mfundo, n'kundipatsa nkhukuyo ndi manja awiri.

"Paja munati sindisamala ziweto. Ndiye imeneyi ndiisungirenji? Kawaonetseni alendo ndiwo zawo."

Amenewa anali mawu ambiri kuposa onse amene anandiyankhula m'miyezi iwiri, ndipo ndinalakalaka akanangoti "Eya".

Ndinapita nayo pansi pa mango paja, n'kugwada bondo limodzi.

"Asewere, pakhomo pano palibe kanthu. Kandiwo kanu ndi aka."

A Kachingwe anailandira, kuiyeza kulemera m'manja, n'kuipatsira akazi awo kuti nawonso aigwire.

"Aa, asewere, mwavutikiranji? Kameta weniweni! Ameneyu msuzi wake sufuna tomato. Zikomo kwambiri, mwatilemekeza."

Anandibwezera. Ndinatenga mpeni pawindo la khitchini. M'katimo aNangozo anali akukoleza moto, atandifulatira, osacheuka. Dengu la mazira lija linali pakona pomwepo.

Kuseri kwa nyumba ndinakumba kadzenje ka magazi. Ndinaponda mapiko ndi phazi limodzi, miyendo ndi linalo, monga ndachitira kambirimbiri. Nkhuku zina umayamba wazula nthenga zapakhosi kuti mpeni udutse bwino. Uyu panalibe chozula. Khosi lija ndinkaliseka linali m'dzanja langa, lofunda, likugunda. Sanaphiriphithe n'komwe, anazolowera kugwiridwa ndi anthu pa nthawi ya matenda ija. Pomusuntha kuti agone bwino, ndinakhudza kumimba, ndipo ndinamva dzira la tsiku limenelo, lolimba kale, likudikira kutuluka.

Ndinakhala chiweramire. Ndinaganiza kuti ndikangokoka mpeniwu, alendo adya, atiyamikira, anyamuka. Khola likhala lopanda kanthu, mazira aja azizira, ndipo aNangozo adzandipatsa "Eya" ndi "Zikomo" mpaka mmodzi wa ife adzaikidwe m'manda. Nkhuku makumi awiri ndi ziwiri ndinali nditapha kale ndi bodza. Iyi ndinkati ndiiphe ndi ulemu.

Ndinachotsa phazi. Ndinamunyamula Kameta kukhwapa, mpeni kudzanja linalo, n'kubwerera kumaso. A Kachingwe anali pakati pofotokoza za mitengo ya feteleza, ndipo atandiona anasiyira mawu m'kamwa.

"Asewere, kwagwanji? Mpeni wabuntha?"

"Amake Violet," ndinaitana, "tabwerani kuno."

Anatuluka akupukuta manja pachitenje, n'kukhala pansi chapatali, maso ali pa nkhuku.

"Asewere," ndinayamba, "mundikhululukire. Ndakupatsani nkhuku, koma ndalephera kuipha. Pakhomo pano panali nkhuku zoposa makumi awiri, zonse za mayiwa. Yatsala yokhayi. Zinazo ndinapha ndine. Ndinagula tambala wodwala ku msika, ndinamuona ndekha akuodzera m'njira. Mayiwa anati agone payekha, ine ndinamuika m'khola iwo kulibe. Atafa ndinamukwirira mobisa n'kunama kuti wasowa. Kenaka ndinawanena iwo kuti sasamala ziweto."

Akazi a a Kachingwe anagwira pakamwa. Munthu amene ndinkaimitsa ana kutsogolo kwa kalasi kuti avomere zolakwa zawo, ndinali ndisanadziwe kuti miyendo imalemera chonchi.

Ndinatembenukira kwa aNangozo.

"Ndinakulakwirani. Pepani."

Anaweramitsa mutu n'kumatolatola timiyala pamphasa.

A Kachingwe anakanda chibwano, n'kutsokomola.

"Asewere, ndifunse. Nkhukuyi paja munaipereka kwa ndani?"

"Kwa inu."

"Ndinailandira ndi manja angawa, eti? Amayi anaigwiranso?"

"Eya."

"Ndiye ndi yanga. Tabweretsani kuno."

Ndinawapatsa, ndikuganiza kuti aimangirira pa njinga yamoto n'kupita nayo ku Kasiya, ndipo sindikanawaletsa. Iwo anamasula luzi lija pang'onopang'ono ndi zala zawo zikuluzikulu, n'kuyang'ana kwa aNangozo.

"Asewere aakazi, ine ndili ndi nkhuku yanga kuno ku Nsaru, koma kwathu n'kutali. Mungandisungire? Ikaswa, msoti woyamba ndi wa mdzukulu wathu uja, zotsalazo ndi za wosunga. Koma pali lamulo limodzi. Aphunzitsiwa asayandikire khola la nkhuku yanga."

Akazi awo ndiwo anayamba kuseka, kenaka iwo eni, chiseko chogwedeza mimba. ANangozo anayesa kudzigwira, anabisa nkhope m'chitenje, koma mapewa anawaulula. Atadzutsa mutu m'maso munali misozi.

"Ndisunga, asewere," anatero. "Zikomo."

A Kachingwe anamuika pansi Kameta. Iye anadzikung'untha, kutiyang'ana tonse ndi diso lake laukali lija, n'kuyenda osathamanga kulunjika kukhitchini. Tisanamalize n'komwe kuseka tinamva akutetera.

Tsiku limenelo asewere athu anadya nkhwani wotendera ndi usipa. A Kachingwe anapempha kuwonjezera kawiri, ndipo pakati pa chakudya ankangondiyang'ana n'kupukusa mutu. "Tambala woodzera, asewere! M'mwezi wa Okutobala!" Ndinadziwa kuti nkhaniyi ikafika ku Kasiya dzuwa lisanalowe, ndipo ku Lilongwe kwa Violet isanakwane sabata. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Sananene kuti kalumoko kamayambira kumeta mwini nyumba.

Ananyamuka cha m'ma folo. Titawaperekeza mpaka pamsewu, tinabwerera awiriwiri, aNangozo patsogolo, ine pambuyo. Pakhomo iwo analowa kukhitchini, ine ndinaima pakhomo pake ngati mwana wotumidwa amene waiwala uthenga.

"Za tambala uja," ndinatero, "mwadabwa?"

"Ndidabwe chiyani? Ndinakuonani mukupita naye kunthochi. Miyendo yake inkaonekera kunsi kwa jekete."

"Ndiye miyezi yonseyi munkadziwa? Osanena bwanji?"

"Ndikananena ine, inu mukanatsala ndi chonena chanji?"

Maso anga anagwera pamafuwa. Panali mphika waukulu uja timawiritsira madzi ososolera nkhuku, wodzaza, moto utazilala pansi pake.

"Madzi awa munatereka nthawi ija?"

"Eya."

"Ndiye munkakhulupiriradi kuti ndimupha."

Anasonkhezera zikuni.

"Ndinkakhulupirira," anatero motsitsa mawu. "Anali atawira kale pamene munandiitana."

Pa zonse za tsiku limenelo, manyazi pamaso pa alendo, chiseko cha a Kachingwe, palibe chinandilasa ngati mawu amenewa. Zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo mkazi wanga anatereka madzi osakayika, podziwa kuti mwamuna wake angalole kupha chotsala chake chokhacho kusiyana n'kunena kuti ndinalakwa. Ndipo anatsala pang'ono kulondola.

Ndinafuna kunenanso kanthu, koma iwo anapisa chala m'madzimo, n'kuphula mphikawo ndi chisanza.

"Akadali ofunda," anatero, akuwakhuthulira m'ndowa. "Nkhuni zanga zisapite pachabe. Tengani mukasambe, a Obadiya, mukununkha nkhuku."